Mauritania ndi woperekeza alendo: ndili ndi mapulogalamu awiri, ndisankhe iti?

Nachisale

Moni nonse muno. Ndakhala ndikuwerenga zimene anzathu mumalemba kwa miyezi ingapo osaponyapo mawu, koma lero ndabwera ndi yanga chifukwa ndagwira njakata.

Ndine mayi wa zaka 61. Ndinapuma pa ntchito chaka chatha nditaphunzitsa jogalafe kusekondale kwa zaka 34. Chaka ndi chaka ndinkajambula pa bolodi milu ya mchenga ya m'chipululu, ija yopindika ngati mwezi wongooneka kumene, n'kuikapo kamuvi kosonyeza kochokera mphepo, ana n'kumakopera m'makope mwawo. Tsiku lina kamtsikana kokhala kumbuyo kwa kalasi kanakweza mkono n'kufunsa kuti, "Madamu, inuyo munaionako?" Ndinakauza zoona, kuti ayi. Funso limenelo lakhala nane mpaka lero. Ndalama zopumira pa ntchito zitatuluka ndinapatulapo gawo, n'kuuza ana anga kuti izi ndi za Sahara, pasapezeke wozipangira zina.

Ndasankha Mauritania. Ndikudziwa kuti ambiri akafuna chipululu amalowera ku Morocco, ku Egypt kapena ku Namibia, koma ine zondikoka ndi ziwiri. Choyamba ndi Richat, mizere ya miyala yozungulira ija imene ena amati diso la Sahara, yotambalala pafupifupi makilomita 40, imene ndinkaonetsa ana pa chithunzi chojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Chachiwiri ndi mzinda wakale wa Chinguetti, kumene mabanja akusungabe mabuku olembedwa pamanja a zaka mazanamazana, mchenga uli khomo ndi khomo.

Tipita awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 29. Ndili ndi shuga, ndimamwa mapilitsi, jakisoni ayi. Bondo lakumanzere limayamba kuwawa ndikayenda kopitirira ola limodzi. Chifalansa sitichidziwa tonse awiri, Chiarabu ndiye chosayamba n'komwe.

Ndalemberana ndi operekeza alendo angapo a kumeneko, ndipo otsala m'manja ndi awiri.

Woyamba akuti masiku 7. Kunyamuka ku Nouakchott, likulu la dzikolo, kudzera ku Terjit, Atar, Chinguetti, Ouadane, Richat, kubwerera mpaka ku thanthwe la Ben Amera, kukakwera sitima ya miyala ya chitsulo pa Choum mpaka ku Nouadhibou, kenako Banc d'Arguin kukaona mbalame, n'kubwerera ku Nouakchott. Mtengo wake ndi wotsika. Amayankha pa WhatsApp nthawi yomweyo, kaya usiku kaya usana, m'Chingelezi chosalala. Koma akufuna ndalama yonse tisanakwere ndege, ndipo akuti titumize ku dzina la munthu.

Wachiwiri akuti masiku 9, koma mulibe sitima, mulibenso Banc d'Arguin. Tigone kawiri ku Chinguetti, kawiri ku Ouadane, kamodzi m'hema pakati pa mchenga. Mtengo wake ndi wokwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akufuna dipoziti yochepa, yotsalayo tikamupatse pamanja tikafika. Vuto lake amatha masiku awiri kapena atatu osayankha, akabwera n'kumati anali kopanda netiweki. Chinandidabwitsa n'chakuti asanatchule mtengo anayamba wafunsa zaka zanga, ngati ndili ndi matenda, ndiponso ngati ndinagonapo panja.

Mwana wanga mtima uli pa woyamba chifukwa cha sitima, waonera mavidiyo ake ambirimbiri. Inenso ndikawerenga malo onse aja ndimaona ngati ndikupindula zambiri ndi ndalama zochepa, poti ulendowu sindidzaubwerezanso. Koma mtima ukukana kukhazikika. Amene munafikako, ndithandizeni. Kodi masiku 7 angakwane zonsezi? Munthu wa msinkhu wanga angakwere sitimayi? Nanga chitetezo, poti abale akangomva dzina la dzikoli akumandiyang'ana ngati ndikutsanzika?

Mbewe

Mayi Nachisale, zikomo pofunsa musanatumize ndalama. Ine ndinapitako mu Januwale zaka ziwiri zapitazo ndi mnzanga wa kuntchito, tinatha masiku 10 m'chigawo cha Adrar, kumene kuli malo ambiri amene mwatchulawo. Ndinene mosapsatira: tengani wachiwiriyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ndinu aphunzitsi a mapu. Kuchoka ku Nouakchott kufika ku Atar ndi makilomita pafupifupi 440. Msewu ndi wa phula, wodzera ku Akjoujt, koma mukaphatikiza kuima pa chipikisheni ndi kudya, tsiku latha. Kuchoka ku Nouadhibou kubwerera ku Nouakchott ndi makilomita oposa 450, tsiku linanso limenelo. Sitima imadya madzulo onse kudikira, usiku wonse kuyenda, ndipo mawa lake munthu sakhala ndi mphamvu ya china chilichonse kupatula kusamba ndi kugona. Mwa masiku 7 mwatsala ndi atatu, ndipo m'masiku atatuwo akuti muone Terjit, Chinguetti, Ouadane, Richat ndi Ben Amera, malo otalikirana, ena opanda msewu weniweni. Zitheka, koma mudzaona zonse pa windo la galimoto. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Komanso chipululu sichitsatira pepala. Ife tsiku lochoka ku Chinguetti kupita ku Ouadane tinadzera njira ya mumchenga, yodutsa pa kasupe wa Tanouchert, osati ya pamwamba pa miyala. Cha m'ma 11 koloko galimoto yathu inatitimira mpaka m'mimba. Dalaivala sananene kanthu. Anatsika, n'kugwada pa tayala lililonse kuphwetsa mpweya pang'ono ndi kamtengo, akumvetsera ndi khutu, kenako n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja ndi fosholo yaifupi. Woperekeza wathu anayala mkeka pamthunzi wa galimoto, n'kukoleza makala ochepa m'kambaula, n'kuyamba kuphika tiyi. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuyang'ana wotchi. Iye anangondipatsa kagalasi n'kundiloza kuti ndikhale pansi. Tinatuluka patatha maola awiri, galimoto yachiwiri imene tinkayenda nayo itatikoka ndi chingwe. Palibe chinaonongeka, chifukwa tsikulo linalibe china choti tithamangire. Tikanakhala pa pulogalamu ya masiku 7, maola awiri amenewo akanadya Richat.

Ndiye funsani onse awiri mafunso awa, ndipo muone amene ayankhe molunjika. Dzina la munthu amene adzakhale nanu m'galimoto ndani, ndipo amalankhula Chingelezi? Kawirikawiri woyankha WhatsApp msangamsanga amakhala mu ofesi ku Nouakchott, amangogulitsa ulendo n'kukuperekani kwa dalaivala amene simunalankhulepo naye, wodziwa Hassaniya (Chiarabu cha kumeneko) ndi Chifalansa basi. Amene amasowa masiku atatu ndiye kuti mwina alidi mumchenga ndi alendo ena, ndipo ndi yemweyo adzakutengeni. Funsaninso ngati m'zigawo zopanda msewu mudzayenda ndi galimoto imodzi kapena ziwiri, ngati ali ndi foni ya satelayiti, matayala apadera angati, ndi malita angati a madzi akumwa pa munthu pa tsiku. Afotokozenso zimene zili mu mtengo: mafuta, chakudya katatu, malo ogona, zolipira polowa m'nyumba za mabuku ndi mumzinda wakale wa Ouadane, ngamila ngati mukuifuna. Zonse alembe, musadalire za pakamwa.

Za Chinguetti, kugona kawiri n'koyenera. Mzindawu uli pawiri, wakale ndi watsopano, pakati pali khwawa lalikulu louma la mchenga wokhawokha. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wake wa malo a mbiri ofunika kutetezedwa mu 1996 pamodzi ndi Ouadane, Tichitt ndi Oualata. Mzikiti wake uli ndi nsanja ya miyala yosanjikiza, ya ngodya zinayi, pamwamba pake pali zooneka ngati mazira a nthiwatiwa. Amene si Msilamu salowa, koma mumauona bwino muli padenga la nyumba yoyandikana nawo. Nyumba za mabuku si za boma, ndi za mabanja. Imene tinalowa ife, mwini wake anatsegula chitseko chachifupi ndi kiyi wamtengo wokhala ndi timano, wonga mswachi, tinachita kuwerama polowa. Anatulutsa mabuku m'makatoni, akutembenuza tsamba lililonse ndi nsonga za zala: Korani, malamulo, masamu, za nyenyezi zokhala ndi zojambula zofiira ndi zakuda. Masamba ena m'mbali munadyedwa ndi tizilombo. Tinakhala maola awiri, ndipo popanda womasulira wabwino zonsezo zikanangokhala mapepala akale. Mamawa dzuwa lisanatuluke apempheni akutengereni ku milu ya mchenga ya kum'mawa kwa mzinda. Galimoto imafika pafupi, bondo lanu silidzavutika. Mudzaona ndi maso mbali yotsetsereka pang'onopang'ono yochokera mphepo ndi mbali yaphompho, zija munkajambula.

Koma za Richat ndikuchenjezeni kuti mtima usadzagwe. Mukakhala pansi, diso lija silioneka. Ndi lalikulu kwambiri moti mumangoona zitunda za miyala, kenako chigwa, kenako chitunda china. Mnzanga anakhumudwa, anati tabwerera miyala yakuda basi? Chimene chinandithandiza ine n'chakuti ndinasindikiza chithunzi cha satelayiti pa pepala lalikulu, ndipo pa foni ndinali ndi mapu ogwira ntchito popanda intaneti. Tikadutsa chitunda chilichonse ndinkaika chala pa mzere wake. Titafika pakati n'kukwera kaphiri dzuwa litapendeka, mithunzi inatulutsa mizereyo, ndinaona ikupinda kumanja ndi kumanzere mpaka kosaonekanso. Uzani woperekeza kuti mukufuna kukhala kumeneko madzulo, osati masana dzuwa lili paliwombo. Kuchokera ku Ouadane ndi pafupi, n'chifukwa chake kugona kawiri kumeneko kuli ndi nzeru. M'mbali mwake mumapezeka zida zamiyala za anthu akalekale zili mbwee pansi. Onani, jambulani, koma musatole, ngakhale wina akufuna kukugulitsani.

Gama

Amayi, ine ndiyankhe za sitima chifukwa ndinakwera, ndili ndi zaka 27. Ndi chinthu chimene sindidzaiwala, koma amayi anga sindingawalole.

Sitimayi ndi ya katundu, ya kampani ya migodi ya SNIM. Imanyamula miyala ya chitsulo kuchokera ku Zouérat kupita kudoko la Nouadhibou, njanji ya makilomita 704 imene inatsegulidwa mu 1963. Imatalika kupitirira makilomita awiri, mabogi ngati 200. Ilibe nthawi yoikika. Ife tinafika pa Choum 4 koloko madzulo, inabwera pakati pa usiku patadutsa. Imaima mphindi zochepa, mumdima, palibe pulatifomu. Umathamanga pa miyala ya njanji ndi chikwama, n'kukwera kamakwerero kachitsulo kamene kaphazi koyamba kali m'chiuno. Ukalowa umakumba kadzenje mu fumbi lachitsulo n'kugonamo. Ikamanyamuka kapena kumanga mabuleki, mabogi amagundana motsatizana, umamva phokoso likubwera kuchokera kutsogolo ngati bingu, likafika pa iwe umagwa ngati unaimirira. Kuzizira kwake ndinavala majuzi awiri ndi bulangete koma mano ankagundana. Chimbudzi kulibe kwa maola oposa 12. Fumbi lakuda ndinkalitulutsabe m'makutu patatha masiku atatu, chonsecho ndinali nditakulunga nkhope ndi nsalu ndi kuvala magalasi otseka mbali zonse. Shuga wanu atatsika muli mmenemo, palibe woimitsa sitimayo.

Dziwaninso kuti kampaniyo siloleza alendo kukwera pamwamba pa miyala, ndiye woperekeza amene akulonjeza zimenezi mosakayika pa pepala, mufunseni adzatani akadzakubwezani pa Choum.

Mwana wanu asadandaule. Njanji imadutsa pafupi ndi Ben Amera, thanthwe limodzi lalitali mamita oposa 600 loima lokha pachigwa. Mukagona m'hema kumeneko sitima mumaimva isanaoneke, ndipo kuiona ikudutsa mphindi zingapo osatha n'kokwanira. Kungoti musamayende nokha kumpoto kwa njanji, chakumalire ndi Western Sahara, kuli malo amene munatsala mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo. Operekeza amadziwa podutsa.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Mbewe ndi apa: wotchipa sikuti ndi wakuba nthawi zonse. Wanga anali wotchipa ndipo anali munthu wabwino kwambiri. Chimene sindingachite ndi kutumiza ndalama yonse kwa munthu amene sindinamuone.

Nangondo

Aphunzitsi, ine ndine namwino, ndinapitako ndi amuna anga mu Disembala. Ndikufuna ndinene za shuga wanuyo, chifukwa pali chinthu chimene palibe wakuuzani: tiyi.

Kumeneko tiyi ndi ulemu. Kulikonse mungaime, m'hema la oweta ngamila, m'nyumba ya alendo, ngakhale pa chipikisheni nthawi zina, amakuphikirani tiyi wobiriwira wa timbewu tonunkhira m'timagalasi ting'onoting'ono, ndipo amabwera katatu. Shuga amathira mu ketulo momwemo, wambiri, n'kumatsanula kuchokera m'mwamba kubwezabweza mpaka thovu litadzaza theka la galasi. Pa tsiku mutha kumwa timagalasi 9 kapena 12 osazindikira. Palinso zrig, mkaka wosungunula ndi madzi wothira shuga, umene amalandirira alendo m'mbale yaikulu, kuphatikizapo zipatso za kanjedza zimene ku Adrar n'zosasowa. Chakudya chambiri ndi mpunga, kuskus, makaroni ndi buledi. Kukana wekha popanda chilankhulo kumaoneka ngati mwano. Apa ndi pamene woperekeza wabwino amagwira ntchito: iye ndiye amafotokozera eni nyumba kuti mayiwa ali ndi shuga, ndipo matendawa anthu kumeneko amawadziwa, sakhumudwa. Wathu ankapatula kaketulo kena kopanda shuga chifukwa cha amuna anga. Ameneyo wakufunsani za matenda asanatchule ndalama, ine wandigwira mtima.

Pitani kwa dokotala wanu padakali mwezi, mumuuze kumene mukupita. Mumufunse makamaka chochita ndi mapilitsi anu mutatsegula m'mimba kapena kusanza, chifukwa mankhwala ena a shuga amafunika kuimitsa kaye thupi likatha madzi. Tengani mankhwala okwanira masiku owirikiza kawiri, muwagawe m'zikwama ziwiri, china chikhale cha m'manja mu ndege. Kamakina koyezera shuga ndi timapepala take zisakhale padzuwa kapena kutsogolo kwa galimoto, kutentha kumazisokoneza. Mapaketi a ORS, maswiti m'thumba la malaya osati m'chikwama chomangidwa padenga. Mpweya wa kumeneko ndi wouma moti thukuta silioneka, munthu umatha madzi usakudziwa, ndiye muzimwa musanamve ludzu. Chipatala cha chigawochi chili ku Atar, ndipo zazikulu n'ku Nouakchott, choncho inshuwalansi yanu ikhale yolipira kukunyamulani, muwerenge ngati dziko limeneli lilimo, ndipo muwauze za shugayo polembetsa.

Mapazi muwasamale. Aliyense amafuna kuvula nsapato pa mchenga, koma masana umaotcha, ndipo pansi pa mitengo ya minga pamakhala minga zobisika. Nsapato zotseka, masokosi, ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana pansi pa mapazi ndi tochi. M'mawa kutumulani nsapato musanavale, zinkhanira ziliko.

Za kavalidwe, ndi dziko la Chisilamu. Akazi a kumeneko amavala melhfa, nsalu imodzi yaitali yokulunga thupi lonse ndi mutu. Mlendo sakakamizidwa, koma zovala zazitali zotaya, zophimba mikono ndi miyendo, ndi mpango wa kumutu zimakupatsani ulemu ndiponso zimakutetezani ku dzuwa ndi fumbi. Mwana wanu mumuuze asayambe kupereka mkono kwa amuna, ambiri sagwirana chanza ndi mkazi amene si m'bale wawo, amangoika dzanja pachifuwa. Musajambule akazi osapempha. Mowa ndi woletsedwa, musaike m'chikwama ngakhale kabotolo ka mphatso.

Usiku wa m'hema chimbudzi ndi kuseri kwa mulu wa mchenga, ndipo kunjuta ndi bondo lovuta si masewera. Ine ndinaona mayi wina wachikulire atanyamula kampando kopinda koboola pakati, ndinaona kuti ndi nzeru. Ndodo yoyendera tengani, ku Ouadane mzinda wakale uli pamtsetse wa miyala yogumuka. Ndipo kumazizira. Disembala ndi Januwale masana kumakhala bwino, koma usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, chipewa cha ubweya ndi juzi musasiye.

Terjit mudzaikonda. Ndi kampata pakati pa matanthwe, madzi akudontha kuchokera m'khoma lomera ndere, kamtsinje kofika m'kakolo kakuyenda pansi pa mitengo ya kanjedza. Kuchoka poimika galimoto ndi mphindi zochepa chabe.

Nachisale

Ndathokoza nonse, ndawerenga kawiri ndi cholembera m'manja. A Gama, mwana wanga ndamuwerengetsa yekha, wakhala chete nthawi yaitali kenako wati bola tikaione ikudutsa. Anamwino, za tiyi sindikanaziganiza ngakhale pang'ono.

A Mbewe, mwandikumbutsa zimene ndinkaphunzitsa. Poyamba akatswiri ankayesa kuti Richat ndi dzenje la mwala wogwa kuchokera kumwamba, koma anadzapeza kuti ndi nthaka imene inatukumuka chifukwa cha miyala yosungunuka ya pansi, zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, kenako mphepo ndi madzi zinaperesa pamwamba, miyala yolimba n'kutsala ngati mizere. Ndiye ngakhale diso lisaoneke, ine kungoima pa chitunda n'kuona mbali imene miyalayo yapendekera, ndidzakhutira.

Koma simunandiyankhe za chitetezo, ndipo ndikufunanso kudziwa za viza ndi ndalama.

Mbewe

Pepani mayi, ndinatalikitsa za mchenga.

Mantha a abale anu ali ndi pochokera. Mu Disembala 2007 alendo anayi a ku France anaphedwa pafupi ndi Aleg, kum'mwera, ndipo mpikisano wa galimoto wa Dakar wa 2008 unalephereka chifukwa cha zimenezo. Alendo anasiya kubwera kwa zaka zambiri, operekeza a ku Atar ndi Chinguetti anasowa chochita. Boma linakhwimitsa chitetezo, ndipo kumapeto kwa 2017 ndege zonyamula alendo kuchokera ku Paris zinayambiranso kutera ku Atar m'miyezi yozizira. Njira ya Nouakchott, Atar, Chinguetti ndi Ouadane ndi imene alendo amayenda. Kosayenera kupita ndi kum'mawa chakumalire ndi Mali, ndi kumpoto chakum'mawa kumene ndi dera la asilikali. Musanagule tikiti, ndiponso sabata yonyamuka, werengani malangizo a maulendo amene maboma ngati la Britain ndi la France amaika pa intaneti, ali ndi mapu a zigawo. Ngozi imene ine ndinaiona ndi maso ndi ya pamsewu: ngamila zoima pakati pa phula, mchenga wokwera mumsewu, galimoto zopanda nyali. Mugwirizane ndi woperekeza kuti usiku simuyenda.

Chipikisheni n'chambiri, polowa ndi potuluka m'tauni iliyonse. Sikuti akukuvutitsani, amalemba kuti adziwe mlendo wadutsa pati. Amafunsa mawu amodzi: fiche. Ndi kapepala kolembapo dzina, dziko, nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa, ntchito, nambala ya viza, tsiku lolowera ndi kumene mukupita. Mukapereka, mphindi imodzi mwadutsa. Mukapanda, msilikali amatenga pasipoti kukakopera ndi dzanja m'kaundula, inu mukudikira padzuwa. Ife tinasindikiza 30 aliyense, tinabwera nazo zochepa. Operekeza ambiri amakonza okha, koma funsani.

Viza kale inkaperekedwa pofika, koma kuyambira Januwale 2025 mumayamba mwafunsira pa intaneti, n'kusindikiza chilolezo chokhala ndi QR code musanakwere ndege. Zala ndi chithunzi amakujambulani mukafika. Gwiritsani ntchito tsamba la boma lenilenilo, ndipo musadikire sabata yomaliza. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever likhale m'pasipoti. Ndege zambiri zofika ku Nouakchott zimadzera ku Casablanca, Istanbul, Paris kapena Dakar, ndiye onetsetsani ngati malo osinthirawo safuna viza yawoyawo pa pasipoti yanu.

Ndalama yawo ndi ouguiya. Apa tcherani khutu. Mu Januwale 2018 anachotsa ziro mmodzi, 10 zakale zinakhala imodzi yatsopano, koma anthu ambiri pamsika amatchulabe mitengo yakale. Wogulitsa akati 1,000, kawirikawiri akutanthauza 100 ya pepala limene muli nalo. Tsiku loyamba ine ndinalipira nsalu ya kumutu kuwirikiza ka 10, mwamwayi mnyamata wogulitsayo ananditsatira n'kundibwezera. Muzifunsa woperekeza, kapena wogulitsa akuonetseni pepala lenileni limene akufuna. Tengani mayuro a pamanja, mapepala atsopano osang'ambika, musinthe ku Nouakchott. Mukapitirira Atar musadalire khadi la kubanki. Dipoziti isapitirire gawo laling'ono, ndipo mupemphe chithunzi cha chiphaso chake cha ntchito yoperekeza alendo ndi manambala a anthu awiri amene anawatengapo chaka chino, muwaimbire. Patulaninso kangachepe ka dalaivala ndi wophika pa tsiku lomaliza. Wophika wathu ankadzuka tonse tili m'tulo, n'kukanda ufa, kukwirira mtandawo mumchenga wotentha pansi pa makala, n'kuufukula utapsa, kuupukuta ndi mpeni, osamva mchenga ngakhale kamodzi pa dzino.

Miyezi yabwino ndi Novembala mpaka Febuluwale. Onani kalendala kuti Ramadan ikugwa liti, chifukwa dalaivala wosala kudya ndi kumwa tsiku lonse si bwino kumuyendetsa maola ambiri.

Nachisale

Ndabweranso patatha sabata kuti ndikuuzeni mmene zathera.

Mafunso aja ndinatumiza kwa onse awiri tsiku limodzi. Woyamba anayankha mphindi zomwezo kuti zonse zili bwino, ndisadere nkhawa, koma dzina la wodzatiperekeza akuti adzandiuza tikafika, ndipo za galimoto yachiwiri sanayankhe ngakhale nditabwereza. Nditati ndipereke theka lokha, anatsitsanso mtengo m'malo movomera. Ndamuthokoza mwaulemu, ndamusiya.

Wachiwiri anayankha tsiku lachitatu ndi mawu ojambula, mphepo ikuwomba kumbuyo. Adzatitenga yekha, dalaivala ndi msuweni wake. Pakati pa Chinguetti ndi Ouadane ndiponso ku Richat tidzayenda limodzi ndi galimoto ina ya alendo atatu. Foni ya satelayiti ali nayo. Anatumiza chithunzi cha chiphaso chake ndi manambala awiri, ndipo mmodzi mwa anthuwo, mayi wa zaka 67, tinacheza naye theka la ola. Za tiyi anaseka, akuti amayi ake omubereka nawonso ali ndi shuga, kaketulo kachiwiri kalipo kale m'bokosi. Tawonjezera tsiku la 10 kuti tikagone ku Ben Amera mwana wanga akaone sitima. Banc d'Arguin taisiya. Tinyamuka sabata yachiwiri ya Januwale, dipoziti ndatumiza dzulo.

Ndayamba kuyenda m'mawa uliwonse mphindi 40 ndi ndodo, nditavala nsapato zomwe ndikavale kumeneko kuti zizolowere phazi. Kwa dokotala ndikupita Lachinayi. Kamtsikana kanandifunsa funso kaja pano ndi mayi wa ana awiri, nambala yake ndaipeza kudzera kwa mnzake, ndamuuza kuti adikire chithunzi.

A Mbewe, mapu opanda intaneti aja munkagwiritsa ntchito ndi ati, ndipo batire la foni munkatchaja bwanji masiku ogona m'hema? Anamwino, kampando kopinda kaja kamalowa m'sutikesi, kapena ndikafunse ngati iwo ali nako?